Andituma Kutaipa Kalata Yochotsa Ntchito Wondisungira Chinsinsi

Aphungu,

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikutaipa makalata a anthu ena, koma iyi ndikulemba pamanja, ndipo chifukwa chake muchiona mukamawerenga. Ndagwira njakata. Palibe amene ndingamuuze nkhaniyi popanda kuti ikafike ku Ballard Estate, dera la maofesi athu kuno ku Bombay, dzuwa lisanalowe, choncho mayina onse ndawasintha, langa lomwe.

Ndimagwira ntchito pakampani ina yotumiza thonje kunja. Ndinalowa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nditangomaliza taipi ndi shotihandi pakasukulu kena ka pamwamba pa sitolo ku Dhobi Talao. Tsiku loyamba lomwelo anandipatsa pepala loti ndisaine. Mkazi aliyense wolowa pano amalisaina, ndipo limati tsiku limene adzakwatiwe ndi tsiku limene adzasiye ntchito. Amuna salidziwa n'komwe pepalalo. Iwo akakwatira timasonkherana n'kuwagulira wotchi ya pakhoma, a bwana n'kuwakwezera malipiro, ati tsopano ali ndi banja loti adyetse.

Lero ndine sekilitale wa bwana wamkulu, ndiwatchule kuti a Vakharia. Ndinene mosabisa, makalata awo ndimalemba ndine. Iwo amangozungulira m'chipinda manja ali kumbuyo n'kunena kuti, "Auze a ku Liverpool aja kuti ayi, koma mokoma. Ukudziwa kale." Ine n'kupeka ndime zitatu, iwo n'kusaina, ndipo m'tauni muno amatchuka kuti ndi katswiri polemba makalata. Makalaliki atatu achimuna ndawaphunzitsa ntchito patebulo langa, kuyambira kapindidwe ka kalata kuti ilowe mu envulopu. Onse atatu tsopano ali ndi zipinda zawozawo ndi mabelu oitanira anthu, ndipo mmodzi mwa iwo amaliza belulo poitana ine amene.

Onse amanditchula Mis Noronha. Alendo akabwera, a Vakharia amandiloza ngati kabati yatsopano n'kumati, "Uyu ndiye wathu weniweni. Anakwatiwa ndi kampani!" Alendo n'kuseka, inenso n'kuseka, pakuti kuseka nthabwala za bwana ndi mbali ya ntchito yanga.

Aphungu, ine ndine mkazi wa mwini. Ndinakwatiwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo m'katchalitchi ka kumudzi kwathu ku Goa, ndili patchuthi. Mwamuna wanga Caetano Rebello ankaphika m'sitima zapamadzi, koma chifuwa chinamutsitsira kumtunda, moti tsopano akamakwera masitepe a nyumba yathu ku Mazagaon amapuma kawiri asanafike pakhomo. Mphika umakhala pamoto chifukwa cha zala zangazi basi. Mphete ndimaivula m'mawa uliwonse ndisanakwere basi, n'kuikoloweka pakaunyolo ka mtanda mkati mwa bulauzi. Pakati ndinapabisa ndi lamba ndi madiresi otaya mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kenako ndinapempha tchuthi, ati mayi anga ali mwakayakaya ku Goa. Mayi angawo anali gwa, ndipo ndi amene anandithandiza pochira.

Mwanayo ndi Imelda, ali ndi zaka zisanu. Kuphwando la Khirisimasi la kuofesi amapita ngati mwana wa achimwene anga, ndipo ndinamuphunzitsa kuti kumeneko azinditchula azakhali. Anaphunzira msanga, mwana wanzeru. Tsiku lina tili m'basi anandikoka dzanja n'kundinong'oneza kuti, "Kodi panopa ndinu amayi kapena azakhali?" Ndinangoyang'ana pawindo.

Tsopano mvani kupusa kwanga. M'mwezi wa Januwale ndinafuna kumupezera Imelda malo kusukulu ya masisitere. Masisitere amenewo amakonda kalata yooneka bwino, ndiye ndinati ndiitaipe nthawi ya nkhomaliro anzanga atatuluka. Mutu unkaganiza za mwana, koma manja anachita zimene achita zaka khumi ndi zinayi. Anatenga mapepala awiri, anaika kaboni pakati, ndipo nditamaliza kalata ndinaika m'chikwama, kope lake n'kuliponya m'kadengu ka waya momwe timaponyamo makope onse a tsikulo. Sindinazindikire n'komwe. Pakopepo panali zonse: Mayi O. Rebello, mayi wake wa Imelda Rebello, dzina la bambo wake, nambala ya nyumba yathu. Lachisanu lililonse makope amenewa amamangidwa mufayilo imodzi n'kukaikidwa patebulo la a Vakharia, ndipo iwo amawawerenga Loweruka m'mawa akumwa tiyi, kuti adziwe zimene zatuluka muofesi mwawo.

Amene amamanga fayiloyo ndi Sulabha Pendse, mtsikana wa ku Girgaum, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anabwera pakampani pano zaka ziwiri zapitazo ndipo m'chipinda cha taipi palibe womuposa liwiro. Ine sindinkamusekerera. Ndinamulalatirapo pamaso pa anzake chifukwa chofufuta chilembo mpaka kuboola pepala. Lachisanu limenelo anabwera patebulo langa, anaika kapepala kopindapinda pansi pa nsalu yovundikira makina anga, nati, "Achemwali, pepala ili lasochera, si la mufayilo." Kenako motsitsa mawu, "Imelda ndi dzina lokoma." Anatembenuka n'kubwerera pampando wake.

 Ndinadikira kuti ayambe kundikama, mwina kupempha kuweruka msanga, mwina kundikankhira ntchito yake. Ndinadikira sabata, mwezi, miyezi isanu. Palibe. Sanaitchulenso nkhaniyo ngakhale ndi diso.

M'mwezi wa Meyi anatenga tchuthi nakakwatiwa ndi mphunzitsi wina. Mvula itangoyamba mu Juni, monga imachitira kuno, anabwerera kuntchito atavala zibangili zobiriwira za galasi manja onse awiri, ndi mkanda wakuda waukwati uli poyera pakhosi. Ndinamukokera kuchipinda chosambira m'manja.

"Wapenga kodi?" ndinamufunsa. "Vula zimenezo, uziike m'chikwama, uzivala ukamatuluka!"

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule nsalu. "Achemwali, mphete yanu ndi yaing'ono, imabisika. Ine ndikavula mkandawu apongozi anga adzati ndikufuna mwana wawo afe. Ngakhale iwo atapanda kuona, ineyo sindingathe. Ndiziyenda ngati wamasiye chifukwa cha thonje?" Kenako anandigwira mkono nati, "Mwina andilekerera, ntchito yanga akuidziwa. Mundinenereko, a bwana amamvera inu."

Aphungu, munamvapo mmene zibangili za galasi zimalirira munthu akamataipa mothamanga? Zimamveka mpaka kuseri kwa chitseko chotseka. Lachisanu lapitali belu linalira, ndinalowa ndi buku langa la shotihandi, a Vakharia n'kuyamba kuti, "Lemba. Kwa Mis Pendse, kaya ndi ndani tsopano, udzafufuze." Mizere inayi yokha. Kampani ikuthokoza, kampani ikukumbutsa za pepala lija, kampani ikumufunira mafuno abwino m'banja lake.

Ndinayesako, ngakhale mawu ankatuluka ngati a nkhuku yonyowa. Ndinati, "Bwana, ndi amene amathamanga kuposa onse."

"Chaka chino," anatero. "Chaka chamawa mwana watentha thupi, apongozi abwera, mwamuna wasamutsidwa. Mkazi sangatumikire mabwana awiri. Iwe ukudziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake uli pamene ulipo." Nditaimirira kuti ndizituluka anawonjezera kuti, "Usaitaipe lero. Sitima ya ku Liverpool inyamuke kaye, mapepala ake ndi ambiri ndipo tikumufuna. Udzamupatse tsiku lomaliza la mwezi. Ndipo uyambe kundifunira wina, wonga iweyo."

Ndiye kalatayo ili m'buku langa, m'zilembo za shotihandi zimene muofesi yonse angaziwerenge ndi anthu awiri okha, ine ndi Sulabha. Bukulo sindilisiyanso patebulo, ndimapita nalo ngakhale kuchimbudzi. Mtsikanayo akudumpha nkhomaliro kuti amalize mapepala a sitima ija, ati a bwana aone kuti ukwati sunamusinthe. Dzulo anandibweretsera kabotolo ka achali ya mango yopanga apongozi ake, nandifunsa ndi maso owala kuti, "Mwawalankhula?" Ndinati ndikufunafuna mpata wabwino.

Caetano akuti, "Taipa basi. Lamulolo unapanga ndiwe? Imelda adzadya chilungamo?" Bambo mfumu ndinawauza pakulapa, anandipatsa korona kuti ndipemphere n'kundikumbutsa kuti bodza ndi tchimo, ngati ndinali nditaiwala. Nthawi zina mtima umandiuza kuti ndilowe m'chipinda chija, ndiike mphete patebulo lawo, ndiwauze kuti nayu mkazi wa kampani uja, wakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri, wabereka ali pantchito yanu, kodi ilipo kalata imene inachedwa? Ndimawayeseza mawuwo m'basi.

Ndipo ndikuuzeni choipitsitsa, pakuti simukundiona nkhope. Ndamukwiyira Sulabha. Ndamukwiyira chifukwa choti iye akuyenda ndi mkanda wake poyera, mutu uli m'mwamba, pamene ine ndakhala ndikuvula ukwati wanga pamalo okwerera basi ngati nsapato yothina. Akanakhala kuti anandiopseza, bwenzi kalatayi nditaitaipa ndikuimba nyimbo.

Ndichite chiyani? Ndiitaipe, ndikane, kapena ndidziulule? Nanga ndimuuze mtsikanayu zimene zikubwera? Ndikamuuza n'kupsa mtima, pakamwa ali napo, ndipo chitseko cha a Vakharia chili masitepe khumi kuchokera pampando wake. Kwatsala masabata atatu.

O. N.,
Bombay

Mayi O. N.,

Ndayamba ndi dzina limene akhala akukumanani kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinu mayi, ndipo simunabe kanthu. Pepala limene munasaina muli kamtsikana ndi loipa, ndipo wolilemba ankadziwa kuti mtsikana wofuna ntchito amasaina chilichonse. Za bodza zisiyeni kaye, tikambe zimene zili pamoto.

Mphete ija musaiike patebulo. Ndikudziwa mmene mawu aja amakomera m'basi, koma mukuganiza kuti a Vakharia adzachita manyazi? Adzakumbukira mlendo aliyense amene anamuuza kuti munakwatiwa ndi kampani, adzakumbukira kuti inu munkaseka nawo mukudziwa zoona zake, ndipo mwamuna wotero sakhululukira munthu amene wamusandutsa chitsiru pamaso pa anzake. Makalata adzakhala awiri m'malo mwa imodzi, kenako adzayamba kusuzumira m'khosi mwa mtsikana aliyense m'chipinda cha taipi. Kukana nakonso n'kutaya nthawi. Adzaliza belu, wina adzaitaipa tiyi asanazizire, inu n'kutsala ndi funso loti mwakaniranji. Kalatayo mudzaitaipa ndithu, ndipo pamenepo amuna anu akunena zoona.

Koma akunena theka lokha. Chimene chikukudetsani si mizere inayi imene ili m'buku lanu, ndi masabata atatu amene mukufuna kukhala chete. Mtsikana akugona ndi njala masana kuti asangalatse munthu amene anamutaya kale, inu mukudziwa, mukulandira achali yake n'kumamuuza kuti mukufunafuna mpata. Chimenecho sichinachokere kwa a Vakharia, n'chanu. Muuzeni sabata ino. Mutengereni kunja kwa ofesi, mukakhale pamalo omwera tiyi kutali ndi makalaliki, mumuuze zonse, tsiku lake ndi nkhani ya sitima yomwe. Muuzeninso kuti munamunenerako kamodzi kokha ndipo mawu anali ofooka. Musamupemphe kuti akusungireni chinsinsi chanu, kumeneko n'kumunyoza. Anakhala nacho m'manja miyezi isanu inu mutamulalatira, ndipo anachipinda n'kukubwezerani. Akhoza kupsa mtima, inde, sindingakulonjezeni kuti sadzalankhula. Koma akadzamva tsiku lomaliza la mwezi kuti munkadziwa kuyambira kale, ndi pamene pakamwa pake mudzapaope zenizeni.

Tsopano gwiritsani ntchito chida chimene muli nacho. Mwandiuza nokha kuti makalata a bwana wanu mumapeka ndinu. Mulembereni Sulabha kalata ya umboni imene sinatulukepo muofesi imeneyo. Muikemo liwiro lake pataipi ndi pashotihandi, zaka zake ziwiri, mapepala a sitima amene akuwasenza yekha, ndipo muilembe m'dzina lake la pabanja kuti asadzayambe kunama kumene akupita. Mudzaiike pansi pa kalata yomuchotsayo pokasainitsa. Mabwana amakonda kusaina umboni wabwino pa ola limene akuchotsa munthu, zimawatsuka mumtima. Komanso zaka khumi ndi zinayi mwakhala mukulankhula pafoni ndi masekilitale a tauni yonseyi. Aimbireni. Si maofesi onse amene ali ndi pepala lija. Funsani kusukulu, kuzipatala, m'maofesi a boma, kwa maloya ang'onoang'ono a m'mbali mwa khoti. Masabata atatuwa mtsikanayo awagwiritse ntchito pofunsira malo, ndipo azidya nkhomaliro yake yonse. Sitima ya ku Liverpool si m'bale wake.

Mukamamufunsira iye, dzifunsireninso nokha, m'dzina la Mayi Rebello. Kalata yanu yofunsira ntchito mukaitaipitse kwa otaipa a m'mphepete mwa msewu, za makina a kuofesi mwaphunzira kale. Musadzinamize kuti poti kope lija linabwezedwa ndiye kuti zatha. Masisitere akukudziwani kuti ndinu mayi, ndipo pachipata cha sukulu mudzaima ndi amayi anzanu amene amuna awo ndi makalaliki ku Ballard Estate komweko. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Kuli bwino muchoke ndi miyendo yanu, ngakhale malipiro atatsikako pang'ono, kusiyana n'kuti kalata yanu adzaitaipe mtsikana amene mukuuzidwa kuti mumupezeyo. Bungwe la ogwira ntchito m'maofesi likamachita msonkhano, pitani mukakhale kumbuyo mukamvere, ndipo Sulabha mupite naye. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pepala limenelo silidzang'ambika ndi mkazi mmodzi wolimba mtima m'chipinda cha bwana.

Za Imelda ndinena mwachidule chifukwa zandipweteka. Kuphwando la kuofesi asapitenso, anthu mudzawauze kuti achimwene anu anasamuka. Ndipo funso lake la m'basi lija silinayankhidwebe. Muyankheni lero, ndipo yankho likhale limodzi kulikonse.

Mkwiyo wanu pa Sulabha sukundidabwitsa, koma chimene ndikuchenjezeni ndi china, ndipo ndikuchidziwa chifukwa chinandigwera. Ndisanayambe kulemba m'nyuzi muno ndinataipa zaka zisanu ndi zinayi pakampani ina ya inshuwalansi, mphete yanga ili m'kathumba kosokerera mkati mwa chikwama. Amene ankadziwa anali mmodzi, mnzanga Perin, wa tebulo loyandikana ndi langa. Atakwatiwa iye poyera, kalata yake ndinaitaipa ndine. Tsiku limene ankatsika masitepe atanyamula kapu yake ndi ambulera, ndinkayembekeza kuti ndilira. Sindinalire. Ndinamva thupi likupepuka, chifukwa munthu yekhayo wodziwa za ine anali akutuluka pakhomo, ndipo madzulo ake ndinadya bwino kuposa masiku onse.

Inunso mudzakumva kupepukako, ngakhale mutachita zonse ndakuuzanizi. Musakukhulupirire. Kudzakunong'onezani kuti kupita ku Girgaum kukamuona Sulabha n'kumuvutitsa, kuti mudikire kaye zizizire, kuti mulemba kalata sabata yamawa. Iye akangochoka pantchito, Lamulungu loyamba lomwelo nyamukani mupite, mutenge ndi Imelda.

Ine ndinadikira kuti zizizire. Patapita zaka zitatu ndinamuona Perin pamsika, mwana ali m'manja, ndipo atandizindikira anakweza dzanja akumwetulira. Chifukwa cha manyazi ndinatembenuka n'kuyamba kufunsa mtengo wa mabiringanya amene sindinkawafuna n'komwe. Nditacheuka anali atatsitsa dzanja lija, akupita. Sindinamuonenso.

Aphungu